Thumba la kachewere silithawa: za oyamba kumene rugby

Akonzi,

Zikomo pondipatsa danga m'nyuzipepala yathuyi. Ndikudziwa kuti tsamba lanu la masewero limadzaza ndi mpira wamiyendo ndi wa ntchemberembaye, ndipo sindikudandaula ayi, inenso Dedza Dynamos ikamasewera wailesi imakhala pakhutu. Koma lero ndabwera ndi nkhani ya mpira wina, uja wooneka ngati dzira, wa rugby. Chandilembetsa kalatayi n'chakuti mwezi wathawu mnyamata wina wa Fomu 3 wa m'mudzi woyandikana nafe adathyoka fupa la paphewa. Iye ndi anzake adaona masewerowa pa kanema, adabwereka mpira, n'kugawana matimu, basi n'kuyamba kugundana pa bwalo louma gwa ngati njerwa yowotcha. Padalibe wowauza kuti thupi limayamba lakonzedwa. Makolo ake tsopano akuti mpirawu ndi wa anthu amisala, ndipo sindingawadzudzule.

Ine ndine bambo wa zaka 35, wa ana atatu. Ndimakhala pa boma pano pa Dedza, ndimagula mbatata ya kachewere kwa alimi a ku Bembeke n'kumakagulitsa ku Lilongwe. Rugby ndidayamba kuionera mwangozi. Pa 28 October 2023 ndidalowa m'nyumba ina yoonetsa mpira cha m'ma 9 koloko usiku, ndikuyesa muli mpira wathu wamasiku onse, koma ndidapeza anyamata obwera ku Joni atalanda limoti, akuonera ndime yomaliza ya chikho cha rugby cha dziko lonse lapansi pakati pa South Africa ndi New Zealand. Sindidamve kanthu pa malamulo ake. Ndidangoona kuti mpira ukuponyedwa chakumbuyo pomwe anthu akufuna kupita kutsogolo, ndiponso kuti kaputeni wa New Zealand, Sam Cane, adamutulutsa ndi khadi yofiira chifukwa chogunda mnzake kumutu. South Africa idapambana 12 kwa 11. Ndidatuluka m'menemo ndikudziuza kuti masewero a anthu a matupi ngati langa apezeka tsopano, poti mpira wamiyendo udandikana ndili mwana.

Patapita miyezi, m'dera mwathu mudabwerera bambo wina amene adakhala zaka zambiri ku South Africa. Kumeneko ankagwira ntchito yosamalira mabwalo a masewero pa sukulu ina, ndipo iyenso ankasewera m'timu ya kudera kumene ankakhala. Timangowatcha a Mtchona. M'chikwama chawo mudali mpira umodzi ndi wenzulo. Loweruka lina la mu June chaka chatha adaitana aliyense wofuna kuti abwere pa bwalo la sukulu ina ya pulaimale. Kudali nkhungu yoti munthu ali apo osamuona, kukuzizira monga mudziwira June wa ku Dedza. Tidasonkhana anthu 14. Ine ndidafika chifuwa chili patsogolo.

A Mtchona adandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Achimwene, kuthamanga mumatha?"

"Ine ndimakweza matumba 40 m'lole ndekha," ndidatero, mokweza kuti anyamata amve.

Sadayankhe. Adatigawa anthu asanu ndi awiri mbali iyi, asanu ndi awiri mbali inayo, n'kunena kuti lero palibe kugwetsana, tisewera ngati chipako: ukamukhudza mnzako ndi manja awiri, ayime apereke mpira. Ndidakhumudwa pang'ono, poti ndidabwerera kudzagunda anthu. Akonzi, sizidathe mphindi zisanu. M'chifuwa mudayamba kuotcha ngati ndameza khala la moto, malovu akumveka dzimbiri, miyendo ngati ya munthu wina. Kamnyamata kena kowonda ngati bango, kogulitsa mandasi pa siteji, kadandidutsa katatu ine ndikungogwira mphepo. Kachinayi ndidalowera kuseri kwa chulu, ndipo tiyi ndi mbatata za m'mawa uja zidabwerera momwe zidalowera. Ana amene adakhala m'mbali mwa bwalo adakuwa kuti, "Madala agwa nayo!"

A Mtchona adabwera ndi botolo la madzi, n'kukhala pambali panga. "Thumba silithawa, achimwene," adatero. "Ndiponso mukakweza limodzi mumapuma podikira linzake. Muno mulibe kudikira."

Mawu amenewa ndi amene ndikufuna afike kwa anyamata a m'maboma muno, makamaka ife ogwira ntchito zolemetsa: aganyu, ocheka matabwa, oumba njerwa, akabaza. Mphamvu tili nazo, palibe angatsutse. Koma rugby ya anthu 15 mbali iliyonse imatenga mphindi 80, ndipo m'mphindi zimenezo munthu sathamanga liwiro limodzi ngati wopita ku chigayo. Umathamanga mamita khumi ndi mphamvu zonse, ugwe, udzuke, ukankhane ndi munthu, ubwerere m'mbuyo pamzere, uthamangenso. Ngakhale ija ya anthu asanu ndi awiri, imene imangotenga mphindi 14 zokha, musaiderere, bwalo lake ndi lomwelo la mamita 100 ndipo mulibe pobisala. Chimene chimatha msanga ndi mpweya. Ndipo munthu akatha mpweya ndi pamene amavulala, chifukwa mutu umagwera paliponse, maso amatsinzina, mapazi amachedwa.

Choncho adatiletsa kugwetsana kwa masabata asanu ndi limodzi athunthu. Anthu anayi adasiya pomwepo, ati sadabwerere chipako. Otsalafe tidayamba ndi zimene ndidaona ngati zonyozetsa: kuthamanga pang'onopang'ono mphindi ziwiri, kuyenda mphindi imodzi, mpaka zikwane mphindi 20, katatu pa sabata. Liwiro lake loti ukhoza kuyankhula ndi mnzako. Ine ndinkadzuka mbandakucha kuti anthu asandione, koma pamudzi sipabisika kanthu. Tsiku lachiwiri ndidakumana ndi apongozi aakazi akuchokera ku mjigo. Adatula ndowa pansi, n'kufunsa mwaulemu wonse kuti, "Kodi kwagwanji, bambo? Akukuthamangitsani ndani?" Mkamwini wothamanga m'mawa popanda maliro kapena wodwala, kufotokoza kwake n'kovuta.

Pofika sabata lachinayi tidayamba kukwera msewu wa m'nkhalango ya paini wopita kuphiri, Lachiwiri lililonse: kuthamanga chokwera masekondi 30, kutsika choyenda, kasanu ndi kamodzi, kenako kasanu ndi katatu. A Mtchona amakonda kunena kuti ife a ku Dedza tidapatsidwa mphatso imene sitiidziwa. Tauni yathuyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo phiri lathu limapitirira mamita 2,000. Johannesburg ili pa mamita oposa 1,700, ndipo matimu ochokera kumadera a m'mbali mwa nyanja akapita kukasewera kumeneko amadandaula kuti mpweya ukuchepa. Ife mpweya wochepawo ndi umene timadzuka nawo tsiku ndi tsiku.

Pali muyeso wina umene timauopa tonse, dzina lake bronco. Timaika miyala pa mamita 20, pa 40 ndi pa 60. Umathamangira mwala woyamba n'kubwerera, wachiwiri n'kubwerera, wachitatu n'kubwerera, ndipo zimenezo uzichite kasanu osapuma. Onse pamodzi ndi mamita 1,200, mtunda woti pa njinga sungauwerengere n'komwe, koma kutembenukatembenuka kuja kumadya miyendo. Tsiku loyamba ndidatha mphindi 8 ndi masekondi 40, ulendo womaliza ndikuyenda. Mwezi watha ndidapanga mphindi 6 ndi masekondi 5. Wamandasi uja amapanga zosakwana zisanu ndi theka, ndipo amamaliza akuseka. Timayesa kamodzi pa mwezi basi. Choposa bronco kuwawa ndi chija chodzigwetsa: wenzulo ikalira ugone chafufumimba, udzuke msanga, uthamange mamita khumi, ilirenso. Pa thupi la makilogalamu 96 limene ndidali nalo, kudzuka pansi kakhumi kudali ngati kukweza lole yonse.

Ndiulule kupusa kwanga, mwina wina aphunzirepo. Nditaona kuti mpweya wayamba kubwera, ndidaganiza zowapitirira anzanga mwakabisira. Ndidayamba kuthamanga tsiku lililonse, Lamulungu lomwe, m'mbali mwa msewu wa M1, nditavala nsapato za pulasitiki zopanda kanthu kunsi. Sabata lisadathe misongolo idayamba kuwawa moti ndikatsika pabedi ndinkagwira khoma. Ndidakhala masiku khumi osathamanga, anzanga aja n'kundisiya kutali. A Mtchona adangoti mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, koma mafupa ndi mitsempha zimatsalira m'mbuyo, uyenera kuzidikira. Nsapato ndidakagula za kaunjika, zokhuthala kunsi. Kuyambira pamenepo ndondomeko yanga ndi masiku atatu othamanga, awiri olimbitsa minofu, Loweruka pabwalo, ndipo limodzi mwa masiku othamangawo limakhala lopepuka. Lamulungu ndi la kutchalitchi ndi kugona.

Za jimu musadandaule nazo, ife tilibe. Timakumbatira theka la thumba la chimanga pachifuwa n'kumanjuta ndi kudzuka, msana uli chilili, zidendene zili pansi. Timachita mapushapu. Timadzikoka pa mtanda wa golo. Timaberekana kuchoka pa golo kufika pakati pa bwalo, ndiponso timayendetsana wilibala, wina atagwira miyendo ya mnzake, monga tinkachitira tili ana. Timagona chafufumimba titatsamira zigongono ndi zala za kumapazi, thupi lili tambalale ngati thabwa, mpaka m'mimba munjenjemere. Zitini za penti zothira simenti zija zimene anyamata amakonda kunyamula kuseri kwa nyumba si zoipa, koma ndaona ambiri amangopopa manja ndi chifuwa kuti malaya athine, miyendo ili ngati ya adokowe. Pa rugby munthu amagwetsa ndi miyendo ndi chiuno. Manja ntchito yake ndi kumanga basi.

Khosi ndiye lidandidabwitsa. Ife osenza pamutu timayesa makosi athu ndi achitsulo. Koma katundu wapamutu amakanikiza chotsika, pomwe pabwalo mutu umakankhidwa cham'mbali kapena chakumbuyo, mwadzidzidzi. Timaika chikhatho pamphumi n'kukankha ndi mutu osausuntha, kuwerenga mpaka khumi, kenako kunkhongo, kenako kumanja, kenako kumanzere. Zimaoneka ngati zachibwana, koma m'mawa mwake ndidalephera kucheuka poyang'ana minibasi.

Masabata asanu ndi limodzi atakwana, tidayesa tsopano tigundana. Ayi ndithu. Adatitengera pa mulu wa utuchi umene tidapempha kwa ocheka matabwa, n'kutiphunzitsa kugwa. Inde, kugwa. Munthu akamagwa amafuna kutsogoza dzanja, ndipo m'menemo ndi mmene dzanja kapena fupa la paphewa limathyokera. Umayenera kukumbatira mpira ndi manja awiri, chibwano chigunde pachifuwa, upinde maondo, ugwere cham'mbali, kuyamba ntchafu, kenako nthiti ndi kuseri kwa phewa. Tidagwa pa utuchi uja masiku atatu, tikubwerera kunyumba ngati nkhuku zosamba fumbi.

Kugwetsa mnzako tidayamba titagwada, wogwetsedwayo akuyenda chabe. Lamulo lake lidatiseketsa mpaka misozi: tsaya lako likagunde tako la mnzako. Koma tanthauzo lake ndi lalikulu. Mutu wako upite kumbuyo kwa munthuyo, usakhale kutsogolo kwa maondo ake. Phewa ligunde ntchafu, manja amange miyendo, maso ali otsegula, msana wowongoka, ndipo miyendo yako ipitirize kupalasa. Kugwira munthu pakhosi kapena kumutu n'koletsedwa, n'chimene chidamutulutsitsa kaputeni uja. Ndipo mu 2023 bungwe la World Rugby lidalimbikitsa kuti m'masewero a m'madera, osakhala a akatswiri, kugwirana kutsike kufika kumunsi kwa chifuwa. Ife timangoti pamchombo kupita pansi. Titachoka pogwada tidapita poyenda, kenako pothamanga pang'ono, ndipo zidatenga mwezi wina. Pofika October bwalo la sukulu lija lidauma, choncho zogwetsana tidazisamutsira kudambo kumene udzu umakhalabe wofewa, titayamba tatola miyala ndi zitsa. Sikiramu, kuja anthu asanu ndi atatu amakolana n'kukankhana ndi anzawo asanu ndi atatu, mpaka lero timangokolana osakankha. A Mtchona akuti pamenepo m'pamene makosi amathyokera, ndipo iwo sadaphunzire mokwanira zoti angaphunzitse ena. Munthu wovomera malire ake chotere ine ndimamukhulupirira kuposa wodziwa zonse.

Tisanayambe chilichonse timatenthetsa thupi mphindi 15, makamaka miyezi yozizira. Amene wafika mochedwa amazungulira bwalo yekha, salowa. Kachipangizo ka pulasitiki kovala m'mano, kaja umakaviika m'madzi otentha n'kukaluma kuti katenge maonekedwe a mano ako, tidachita kutumiza kwa anthu obwera ku Joni kudzera pachipata chathu chomwechi. Wopanda kameneka amasewera chipako chokha.

Pa zakudya sindinena zambiri. Mayi a kunyumba adandiuza tsiku lina akuomola nsima kuti, "Abambo, mpira wanuwu ukutha ufa." Sadaname. Koma chimene ndidasintha kwenikweni ndi ndiwo. Nyemba, soya, usipa, mazira ndikapeza, masamba otendera nsinjiro. M'mawa phala la mgaiwa lothira soya, ndikamaliza kuthamanga nthochi ziwiri. Tchipisi cha pachiwaya, chimene munthu wa kachewere ngati ine ndinkadya kawiri pa tsiku, chidatsala cha Lamulungu. Mowa wa Lachisanu udasiya wokha, chifukwa kuthamanga kwa Loweruka kumaulula zonse zimene udachita usiku. Madzi timamwa ngakhale kukuzizira, poti kuno ludzu silimveka koma thukuta limatuluka. Ufa wa m'zitini uja amati umakulitsa minofu sindidagulepo, ndalama yake ndi ya fetereza. Pano ndili pa makilogalamu 89, ndipo matumba ndikukwezabe, mwinanso bwino kuposa kale. Kwa anzanga opitirira zaka 30, pitani kaye kuchipatala akakuyezeni BP monga ndidachitira ine, sizitenga nthawi. Ndipo amene wangodzuka kumene ku malungo asathamangire kubwalo.

Chimene chidandisintha maganizo kotheratu chidachitika kudambo kuja. Mnyamata wina wa kabaza, wolimba kwambiri, adaiwala za tsaya ndi tako, mutu wake n'kukumana ndi bondo la mnzake. Sadakomoke. Adadzuka yekha, akuseka, koma adafunsa kuti, "Kodi ife tikugoletsa mbali iti?" Tidamuuza. Patangopita kanthawi adafunsanso zomwezo. Ife tidayamba kukuwa monga tidazolowerera ku mpira wamiyendo: "Muthireni madzi kumutu! Mwamuna ameneyo, alowe!" Ineyo ndidali m'gulu la okuwawo, ndipo ndimachita nazo manyazi. A Mtchona adaliza wenzulo, masewero n'kuthera pomwepo. Aka kadali koyamba kuwaona atakwiya. Adati ubongo ukagwedezeka munthu sachita kukomoka ayi. Ukangoona wina akudzandira, akufunsa mobwerezabwereza, akuti mutu ukuwawa, akuona chizungulire kapena akusanza, atuluke, ndipo tsiku limenelo asabwererenso ngakhale alumbire kuti ali bwino, chifukwa kugundidwa kachiwiri ubongo usadachire n'kumene kumapha. Tidamuperekeza kuchipatala, m'bale wake adauzidwa kuti asamusiye yekha usiku umenewo, ndipo njinga sadapalase masiku angapo. Pabwalo adakhala masabata atatu osagundana ndi munthu. Adakwiya nazo, poti kabaza ndiye chakudya chake, ndipo tidasonkherana kangachepe. Lero ndi iye amene amayamba kukuwa wina akaika mutu molakwika.

Ena amandifunsa ngati mpirawu ndi wa anthu akuluakulu matupi okha. Muoneni Cheslin Kolbe wa South Africa, ndi wamfupi kuposa anzake ambiri a m'timu, koma watenga nawo chikho cha dziko lonse kawiri, mu 2019 ndi mu 2023. Wamandasi uja ndiye Kolbe wathu. Atsikana anayi adayamba nafe chaka chino, awiri mwa iwo ndi a ntchemberembaye, ndipo pa kugwira mpira amatichititsa manyazi. Ndipo tisamati izi n'za azungu. Tendai Mtawarira, amene adapambana chikho ndi South Africa mu 2019, adabadwira ku Harare. Anansi athu a Zimbabwe adagonjetsa Namibia mu July 2025 ndipo akasewera nawo chikho cha dziko lonse ku Australia mu 2027. Amadya nsima ngati ife, iwo amati sadza.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, n'lakuti mutipatseko kangodya ka tsamba lanu, ngakhale kamodzi pa mwezi, mulembepo malamulo a mpirawu m'Chichewa, makamaka za kagwiridwe ka munthu ndi za kuvulala kumutu. Anyamata akuonera pa mafoni tizidutswa ta anthu akuwombana, koma palibe kanema woonetsa zaka zimene anthuwo adakhala akukonza matupi awo. Aphunzitsi a masewero m'sukulu, ngati ana abwera ndi mpira wa dzira musawalande, ayambitseni ya chipako ija, imakoma ndipo sifuna kanthu koma bwalo. Ndipo akuluakulu oyendetsa rugby m'dziko muno, tikupempha mutitumizireko munthu wodziwa adzatiphunzitse sikiramu, ndi kuphunzitsa a Mtchona zimene akuti sakuzidziwa. Mpira wathu ndi umodzi womwe uja, wosoka nsapato wa pamsika wausoka kale kawiri.

Mnyamata wa Fomu 3 uja ndidapita kukamuona. Bambo ake adandilandira ndi nkhope yolimba, koma titacheza adalola kuti azibwera kudzangoonerera, osakhudza mpira mpaka achipatala atanena. Loweruka lapitali adabwera, mkono uli m'chinsalu chokoleka m'khosi. A Mtchona adamupatsa foni kuti aziwerengera nthawi ya bronco. Ndidamaliza pa mphindi 6 ndi masekondi 11, ndidamuyang'ana mwachisoni kuti mwina achotsepo pang'ono poti ndine msinkhu wa bambo ake, koma adalengeza mokweza momwe zidalili, masekondi onse 11.

Wanu wowerenga,
Wamalonda a kachewere,
Dedza Boma